Sikani ya mutu ndimangoona phulusa, anzanga munayamba bwanji kuiwerenga?

Tiyamike:
Akuluakulu ndi anzanga, ndithandizeni. Ndili chaka chachinayi cha udokotala, panopa ndili ku surgery. Dzulo pa round anatiikira CT sikani ya mutu ya agogo ena aamuna, a zaka za m'ma 70. Ana awo anabwera nawo chifukwa kwa masabata awiri akhala akusokonezeka, akuyenda mwadzandidzandi, tsiku lonse n'kumangogona. Dokotala wamkulu analoza ine kuti ndinene chimene ndikuona. Ndinafufuza choyera chilichonse, poti tinaphunzira kuti magazi amaoneka oyera, koma sindinachipeze. Ndinati sikani ili bwino. Anakhala kaye chete, kenako anatenga cholembera n'kuloza m'mphepete mwa ubongo, kumanja ndi kumanzere komwe. Munali magazi mbali zonse ziwiri, subdural (magazi okhala pakati pa ubongo ndi chikopa chake cholimba chotchedwa dura), koma mtundu wake unali wofanana ndendende ndi ubongo. Agogowo analowa ku fiyeta madzulo omwewo.

Usiku sindinagone. Manyazi a pa round atha okha, chimene chikundiwawa n'chakuti pasanathe zaka ziwiri ndidzakhala ndekha pa call, ndipo munthu ngati ameneyu ndikhoza kudzamubweza kunyumba. Buku ndawerenga, zithunzi za m'buku ndimazizindikira chifukwa zili ndi mivi yolozera. Koma sikani yeniyeni ikabwera ndimangoona phulusa. Munayamba bwanji inu?

Yamikani:
Tiya, usadzimvere chisoni, tonse amene tinaima pamenepo tinali duu, palibe anaona. Ine ndimagwiritsa ntchito ija ya Blood Can Be Very Bad: magazi, ma cistern (mipata ya madzi pansi pa ubongo), ubongo, ma ventricle (timatumba ta madzi mkati mwa ubongo), fupa. Ukatsata zisanuzo mwandondomeko sudumpha kanthu.

Tiyamike:
Imeneyo ndimaidziwa, ndipo ndinaitsata mumtima. Pa magazi ndinati mulibe, n'kupitirira. Pa ubongo ndinati uli bwino. Ndondomeko inalipo koma maso ndi amene sanadziwe chofuna.

Dr Nabanda:
Mng'ono wanga, wanena mawu enieni. Ndondomeko ya Yamikani ndi yabwino, inenso ndimaigwiritsa ntchito mpaka lero, koma imangokuuza koyang'ana. Chimene ukachipeze kumeneko siikuuza. Ndiyambe ndi nkhani ya mtundu wa magazi, chifukwa ndi pamene unagwera.

Makina a CT amayeza mmene chinthu chikutchingira X-ray, n'kuchipatsa nambala, ma Hounsfield unit. Madzi ndi 0. Mpweya ndi -1000, wakuda bii. Mafuta ali cha m'ma -100. Fupa lolimba limafika 1000 kapena kupyola, loyera mbee. Ubongo uli pakampata kakang'ono kwambiri: white matter (gawo lamkati) cha m'ma 25 mpaka 30, grey matter (makamaka gawo lakunja) cha m'ma 35 mpaka 40. CSF, madzi ozungulira ubongo, ili pafupi ndi nambala ya madzi. Magazi amene angoundana kumene amakhala pakati pa 50 ndi 80, n'chifukwa chake amawala. Koma sakhala choncho mpaka kalekale. Chimene chimawalitsa ndi mapuloteni a haemoglobin, ndipo thupi likayamba kuwaphwanya nambala imatsika tsiku ndi tsiku. Pakapita sabata imodzi mpaka atatu, magaziwo amadutsa pa nambala yofanana ndi ubongo. Akapitirira apo amada, n'kuyandikira CSF. Agogo ako anabwera pa nthawi yeniyeni imene magazi amabisala.

Tsono funso ndi lakuti, magazi akabisala, chimawaulula n'chiyani? Ganiza za munda wa mizere. Pamwamba pa ubongo pali mizere ndi ngalande zake, ma gyri ndi ma sulci, ndipo ngalandezo zimayenera kufika mpaka pa chigaza. Ukaona ngalande zikuthera panjira, pakati pa izo ndi fupa pali kadera kosalala kopanda mzere uliwonse, kameneko si ubongo. Chachiwiri, tsata malire a grey matter ndi white matter. Amayenera kuyenda pafupi ndi chigaza. Akakankhidwira mkati, pali chimene chawakankha. Chachitatu, ndipo ichi ndimachikonda kwambiri, ndi zaka za munthu. Ubongo wa nkhalamba umafota, ngalande zimakula, ma ventricle amatakasuka. Ukaona agogo a zaka 70 ali ndi ubongo wodzadza thothotho ngati wa mnyamata wa ku sekondale, ma ventricle opanikizika, usasangalale. Yamba kukayika.

Ndipo unasowa midline shift (kukankhidwa kwa mzere wapakati wa ubongo) chifukwa mbali zonse ziwiri zimakankhana mofanana. Amene amangodalira kufananiza kumanja ndi kumanzere, bilateral subdural imamudutsa nthawi zonse.

Tiyamike:
Achemwali, zikomo kwambiri. Ndikukumbukira tsopano kuti ma ventricle anali aang'ono, ndipo mumtima ndinati n'zabwino, palibe hydrocephalus (kudzadza kwa madzi m'ubongo). Zaka sindinaziganizire n'komwe. Ana awo ananenanso kuti sakukumbukira kuti anagwapo.

Dr Nabanda:
Ambiri sakumbukira. Ubongo ukafota, timitsempha ta bridging vein timakokeka ngati chingwe cha zovala, kugunda pang'ono pa chitseko kapena kuterereka ku bafa n'kokwanira kuti kaduke. Magazi ake ndi a vein, amadontha pang'onopang'ono, ndipo malo m'chigaza alimo ambiri, choncho munthu amatha masabata asanaonetse chizindikiro. Okalamba, omwa mowa kwambiri, amene ali pa warfarin kapena aspirin, odwala khunyu amene amagwa pafupipafupi: amenewa ukamva kuti ayamba kusokonezeka, subdural ikhale m'mutu mwako ngakhale abale akane zakugwa. Kwathu kuno abale amafulumira kunena kuti ndi ukalamba, ena mpaka kutchula za ufiti, pamene kuboola chigaza pang'ono kukanawabwezeretsa.

A Phiri a ku X-ray:
Ndilankhuleko ine amene ndimakhala pa makinawo. Ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri ndipo ophunzira udokotala amene anabwera okha kudzakhala nane pa console ndingathe kuwawerenga ndi zala. Mumadikira chithunzi chifike ku wodi, mwina chojambulidwa pa foni, kenako mukudabwa kuti simukuona.

Kompyuta imasunga manambala masauzande, koma diso la munthu limasiyanitsa mitundu yochepa chabe ya imvi. Ndiye timasankha kagawo ka manambala koti tikaonetse, timati window. Ya ubongo timaika width 80, level 40. Tanthauzo lake n'lakuti chilichonse choposa 80 chimaoneka choyera chimodzimodzi. Tsono taganizani, kamagazi kopyapyala ka 75 kagona pafupi ndi fupa la 1000. Pa window imeneyi zonse ndi zoyera, mungoti fupa n'lokhuthala. Ndikatakasa width kufika cha m'ma 200, fupa limakhalabe loyera koma magazi amasanduka otuwa, n'kuonekera poyera. Imeneyo ndiyo subdural window. Ya mafupa timatakasa kwambiri, 2000 kapena kuposa, ubongo umazimiririka koma mng'alu uliwonse umaoneka. Sikani imodzi muyenera kuiona katatu. Amene waona brain window yokha sanamalize.

Zina zing'onozing'ono zimene ndimaona anthu akulakwitsa. Musanayang'ane ubongo werengani dzina, zaka ndi tsiku, chifukwa ma CD amasinthana m'mafayilo. Chithunzi mumachiona ngati mwaima kumapazi a wodwala, choncho kumanzere kwa sikirini ndi kumanja kwake. Pali chilembo R pakona, chiyang'aneni nthawi zonse ngakhale mukudziwa. Komanso wodwala wosokonezeka sagona mowongoka. Mutu ukapendekeka, mbali imodzi mumaona fupa la khutu pamene inayo mukuona kale ubongo, ndipo wophunzira amathamanga kuti wapeza chotupa.

Mwana wanga Tiyamike, pita ku chipinda cha CT cha kumene uliko, ukapereke moni, ukapemphe mpando. Sindikukhulupirira kuti angakukanize.

Tiyamike:
Zikomo bambo. Ndimaopa kuti ndikasokoneza ntchito. Mawa ndipita.

Kondwani:
Ine ndi intern, ndinene zimene zinandichitikira mwezi wachiwiri ndili pa ntchito, mwina zithandiza. Cha m'ma 11 usiku anabwera ndi mnyamata wa kabaza, wawombana ndi galimoto, analibe helemeti. Anzake anati atagwa anakomoka pang'ono, kenako anadzuka n'kumalankhula, mpaka kukana kubwera kuchipatala. Patapita maola awiri anayamba kusanza ndi kuwodzera. Atafika kwa ife GCS (Glasgow Coma Scale, muyeso wa kutsitsimuka kwa munthu) inali 10, mwana wa diso lakumanja wayamba kukula. Sikani inaonetsa chimene mabuku onse amajambula: choyera mbee kumanja pa temporal, chotukuka mbali zonse ziwiri ngati njere ya dzungu, chothera pa suture, pamene mafupa a chigaza amalumikizana. Extradural. Mtima unagunda, ndinathamanga kukaimbira registrar.

Atabwera anandifunsa kuti china n'chiyani. Ndinati palibe. Anatsitsa ma slice (zigawo za chithunzicho), n'kundionetsa timadontho ta magazi mu temporal lobe yakumanzere, mbali imene sinagundidwe, contrecoup. Anasintha window, n'kundionetsa mng'alu wotsika mpaka pansi pa chigaza ndi timadontho takuda ta mpweya mkati mwa mutu. Zonsezo zinali pomwepo, koma maso anga atapeza chachikulu anasiya ntchito. Kuyambira tsiku limenelo ndikaona chinthu chowala ndimachiphimba ndi chala, ndimalize kaye kwina konse, ndiye ndibwerere.

Mnyamatayo anachira, anatuluka akuyenda yekha.

Yamikani:
Achimwene a Kondwani, za suture zija zimandisokoneza. Chimene sichidutsa suture ndi chiti, chimene sichidutsa falx ndi chiti? Ndimaloweza n'kuiwala.

Kondwani:
Usaloweze, ganiza za dura. Dura imamatirira ku chigaza, ndipo pa suture yamatirira kolimba zedi. Extradural ili pakati pa fupa ndi dura, nthawi zambiri middle meningeal artery yaduka pansi pa pterion pamene fupa n'lopyapyala. Magaziwo ayenera kumatula dura mwamphamvu, akafika pa suture amalephera, ndiye amatukukira mkati. Subdural ili kunsi kwa dura, kumene kulibe chomata, choncho imayenderera momasuka m'mphepete monse ngati mwezi wongooneka kumene. Suture siikuidziwa. Chimene chimaiimitsa ndi dura yeniyeniyo pamene yapindikira mkati, falx ndi tentorium. N'chifukwa chake nthawi zina umaona falx yokhuthala ndi yowala mbali imodzi, imeneyonso ndi subdural.

Dr Nabanda:
Kondwani wafotokoza bwino. Ndiwonjezere chimodzi chimene mabuku ochokera kunja amangochitchula m'mzere umodzi koma kwa ife n'cha tsiku ndi tsiku. Kuwala kwa magazi kumadalira haemoglobin (Hb). Munthu amene Hb yake yatsika kufika cha m'ma 8, magazi ake atsopano akhoza kuoneka ofanana ndi ubongo tsiku loyamba lomwe. Odwala athu angati ali ndi Hb yotere? Musanawerenge sikani funsani full blood count.

Ndipo mukamaimbira wa neurosurgery, musangoti pali magazi. Yezani. Subdural yokhuthala kuposa mamilimita 10, kapena midline shift yoposa mamilimita 5, imafuna opaleshoni. Extradural yoposa mamililita 30 chimodzimodzi. Nenaninso za ma basal cistern, ngati ali otseguka kapena atsekeka. Pa slice ya midbrain pamayenera kuoneka CSF yakuda yozungulira, ndipo kutsogolo kwake suprasellar cistern yooneka ngati nyenyezi. Zimenezi zikafufutika, ubongo wayamba kutsikira kumene suyenera, ndipo nthawi yatha.

Gift wa ku boma:
Ndikuwerenga zonsezi ndi chidwi, koma ndifunse mosabisa. Ine ndi clinical officer pa chipatala cha boma laling'ono. CT tilibe. Kuti munthu akajambulidwe ndi ulendo wa maola angapo pa ambulansi, mafuta akapezeka. Ambiri mwa ophunzira amene ali pa gulu lino adzatumizidwa malo ngati ano. Kodi si bwino nthawi imeneyi aithere pa kuyeza wodwala, GCS, maso, mphamvu za manja ndi miyendo, m'malo mwa ma window? Glasgow Coma Scale inalembedwa mu 1974 ndipo siifuna magetsi.

Dr Nabanda:
A Gift, pa kuyeza wodwala sindikutsutsani ngakhale pang'ono, ndipo sikani yopanda mbiri ya wodwala ine sindiiwerenga. Koma ndikuona kuti ziwirizi sizilimbana. Amene waonapo ndi maso ake uncus (kachigawo ka temporal lobe) ikukanikiza midbrain amamvetsa chifukwa chake mwana wa diso amakula mbali imene kuli magazi pamene ziwalo zikufooka mbali inayo. Akadzakhala kwa inu kopanda makina, adzayang'ana diso lija n'kuona chithunzi m'mutu mwake, ndipo sadzadikira kuti kuche. Komanso odwala amene mumatumiza amabwerera kwa inu ndi CD kapena filimu, lipoti lisanalembedwe, chifukwa ma radiologist m'dziko muno ndi ochepa kwambiri. Adzawerenga ndani?

Gift wa ku boma:
Pamenepo mwanena zoona, amabweradi nazo ndipo timangoziika m'fayilo. Komabe ndikuumirira kuti wophunzira amene sadziwa kuyeza plantar reflex asayambe ndi Hounsfield. Ndaonapo achinyamata akufika kuno akulemba kuti CT head pa aliyense wa mutu wopweteka, ngati makinawo ali kuseri kwa chitseko.

Thokozani ku medicine:
A Gift akhudza nkhani imene imandivuta kwambiri ku wodi kwathu, ya lumbar puncture (LP), kutenga madzi a pamsana ndi singano. Munthu wabwera ndi kutentha thupi, khosi louma, ali ndi HIV, ndipo wina walemba kuti LP idikire CT. CT ikuchitika pakapita masiku atatu. Masiku atatuwo palibe CSF, palibe CrAg (mayeso a cryptococcus) ya m'madzi a pamsana, nthawi zina ngakhale mankhwala a ceftriaxone sanayambe. Chonde ophunzira, mvetsani ichi: cryptococcal meningitis nthawi zambiri sikani yake imaoneka yabwinobwino, pamene pressure ili pamwamba zedi, ndipo chimene chimapulumutsa munthuyo ndi kuchotsa madziwo ndi singano. Oyenera kujambulidwa LP isanachitike ndi amene ali ndi mbali imodzi yofooka, ana a maso osiyana, kugwa khunyu kwatsopano kwa mbali imodzi, kapena GCS yotsika kwambiri. Ndipo ngakhale mukudikira, mankhwala ayambe.

Kwa Tiyamike, ku surgery uona magazi, koma ukadzabwera kwathu uona zina zimene mabuku a ku Ulaya amaziika kumapeto. Zotupa zokhala ndi mphete yowala akabaya contrast (mankhwala owalitsa pa chithunzi), zozunguliridwa ndi dera lakuda lotambalala ngati zala mu white matter. Mwa munthu wa CD4 yochepera 100, zikakhala zingapo ndipo zili ku basal ganglia, timayamba kuganiza toxoplasmosis, timapereka mankhwala kwa masabata awiri n'kuona ngati akusintha. Koma tuberculoma, lymphoma ndi abscess zikhoza kuoneka chimodzimodzi, ndipo sikani yokha singakuuze. TB meningitis ili ndi zitatu zake: kuwala kwa contrast pansi pa ubongo m'ma cistern, hydrocephalus, ndi timasitiroko ting'onoting'ono ku basal ganglia. Hydrocephalus yoyambirira uziifuna ku temporal horn, timinsonga ta ma ventricle ta m'mbali. Mwa munthu wabwino timakhala ngati timing'alu tosaoneka bwino, tikayamba kutukuka ndiye kuti madzi akudzadza. Ndiye palinso neurocysticercosis, mwa wachinyamata amene wayamba kugwa khunyu atakula kale: timatumba tozungulira tokhala ndi kadontho mkati, kapena timiyala toyera tomwazika. Imachokera ku mazira a njoka ya m'mimba ya Taenia solium, ya nkhumba ija, olowa kudzera m'zakudya kapena madzi oipitsidwa ndi chimbudzi cha munthu.

Yamikani:
Tsono ngati apereka contrast, magazi ndi contrast tizisiyanitsa bwanji? Zonse n'zoyera.

A Phiri a ku X-ray:
N'chifukwa chake timayamba kujambula popanda contrast, ndipo wovulala mutu kapena wa sitiroko sitimubaya poyamba. Pa chithunzi pamalembedwa. Ngati simukuona cholembedwa, yang'anani mitsempha ya circle of Willis ndi ma sinus a kumbuyo. Zikawala zonse mofanana, ndiye kuti wabayidwa.

Dalitso ku Leeds:
Moni nonse kumudzi. Ndikuphunzira radiology kuno, ndiye nkhaniyi yandikoka. Tiyamike, chimene chinandithandiza ine kuposa china chilichonse ndi kuona masikani abwinobwino ambirimbiri. Timathamangira matenda chifukwa ndiwo amabwera pa mayeso, koma diso limazindikira cholakwika pokhapokha litazolowera chabwino. Wa zaka 20 wabwino, wa zaka 50 wabwino, wa zaka 80 wabwino, zonse n'zosiyana. Pa Radiopaedia pali masikani aulere amene ungathe kuyendetsa slice ndi slice pa foni, ndipo ngati uli ndi laputopu, ika DICOM viewer uzitsegula ma CD n'kumasintha window wekha. Chithunzi chimodzi chokhala ndi muvi chimakunamiza kuti ukudziwa.

Pa sitiroko ndinenepo pang'ono, poti palibe wakhudza. Mtsempha ukatsekeka, maola oyambirira sikani ikhoza kuoneka yabwino, ndipo ntchito yake yaikulu nthawi imeneyo ndi kutsimikiza kuti si magazi, chifukwa chithandizo chake n'chosiyana kotheratu. Koma zizindikiro zilipo kwa wozifuna. Middle cerebral artery (MCA) ya mbali imodzi yowala kuposa inzake, ndiye kuti muli chotseka. Kamzere ka grey matter ka pa insula kufufutika. Lentiform nucleus kusaonekanso malire ake. Ngalande zija a Dr Nabanda anena kufafanizika mbali imodzi. Ukapanikiza window, width 40 level 40, kusiyana kwake kumatuluka. Pali ASPECTS, imene imagawa dera la MCA m'zigawo 10 n'kuchotsa 1 pa chigawo chilichonse chowonongeka. Ngakhale kumene uli kulibe thrombolysis (mankhwala osungunula magazi otseka mtsempha), iphunzire, chifukwa imakukakamiza kuyang'ana malo khumi amene ukanawadumpha. Ndipo dera lakuda la sitiroko limatsata malire a mtsempha, limadya grey ndi white pamodzi, pamene kutupa kozungulira chotupa kumasiya grey matter.

Subarachnoid, magazi otayikira mu CSF yozungulira ubongo, nayonso nthawi ndiyo nkhani. M'maola 6 oyambirira makina amakono amaigwira pafupifupi yonse, koma masiku akamapita magazi amasungunuka mu CSF. Munthu wa mutu wowomba mwadzidzidzi ngati wamenyedwa ndi chibonga, wabwera tsiku lachinayi, sikani yabwino siikumasula. Yang'ana mu Sylvian fissure, mu interpeduncular fossa, ndi kumbuyo kwa ma lateral ventricle kumene magazi amadikha munthu akagona chagada.

Ndikadutsa ku London ndimakumbukira kuti zonsezi zinayamba posachedwa. Wodwala woyamba anajambulidwa pa 1 October 1971 ku Atkinson Morley Hospital ku Wimbledon, mayi amene ankamuganizira chotupa cha kutsogolo kwa ubongo, pa makina amene Godfrey Hounsfield anapanga ku kampani ya EMI. Chithunzi chake chinali cha timabokosi 80 m'litali ndi 80 m'lifupi, ndipo slice inkatenga mphindi zingapo. Masamu ake ena anachokera kufupi ndi kwathu: Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, anayamba kuganizira vutoli mu 1956 akuthandiza pa Groote Schuur Hospital ku Cape Town. Awiriwa analandira Nobel mu 1979. Madokotala a nthawi imeneyo analibe wowaphunzitsa, anaphunzira pofananiza chithunzi ndi zimene ankapeza ku fiyeta.

Dr Nabanda:
Mfundo yomalizayo, Dalitso, ndiyo ndimawauza ophunzira anga. Ukawerenga sikani, tsatira wodwalayo ku fiyeta. Ukaona magazi akale akutuluka pa burr hole (kabowo koboola pa chigaza), akuda ngati oyilo wa galimoto, ndipo ubongo ukukwera pang'onopang'ono kubwerera pamalo pake, chithunzi chija sichidzakhalanso phulusa.

Gift wa ku boma:
Pempho limodzi kwa nonse amene mumatumizirana zithunzi pa WhatsApp. Ifenso timatero pofuna malangizo, sindikuletsa. Koma phimbani dzina la wodwala, ndipo musaponye pa gulu la anthu ambiri ngati lino. Dziko lathu ndi laling'ono, wina amudziwa. Komanso tumizani kavidiyo koyendetsa ma slice onse, osati chithunzi chimodzi chimene inu mwasankha, chifukwa amene mukumufunsayo angoona chimene inu mwaona kale.

Tiyamike:
Ndabweranso patapita masiku khumi. Ndinapita ku chipinda cha CT monga ananenera a Phiri. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando kumbuyo, ndipo masana alionse ndikamaliza ku wodi ndimakakhala ola limodzi. Ndagula kope. Sikani iliyonse ndimalemba zaka za munthu, chimene wabwerera, kenako zimene ndaona, ndisanamve za wina aliyense. Lipoti likatuluka ndimafananiza. Ndafika pa 34. Zambiri ndi zabwinobwino, ndipo ndayamba kumva m'maso kusiyana kwa ubongo wa mwana wa sukulu ndi wa gogo.

Lachiwiri kunabwera amayi ena a zaka za m'ma 60, akuti akungoiwalaiwala ndipo mwendo wakumanzere ukukoka. Pa brain window sindinaone choyera. Koma ngalande za kumanja sizimafika pa fupa, ndipo ventricle ya mbali imeneyo inali yofinyika. Ndinapempha kuti atakase window. Inalipo, yotuwa, yopyapyala kutsogolo, yokhuthala kumbuyo. Manja ananjenjemera polemba m'kope.

Ndalakwitsanso zingapo. Kawiri ndalemba kuti magazi mu ventricle, lipoti n'kubwera kuti palibe kanthu. Ndi timadontho toyera kwambiri kumbuyo kwa ma lateral ventricle mbali zonse ziwiri, ndi kena pakati penipeni kumbuyo kwa third ventricle. Komanso pansi, pafupi ndi cerebellum, ndimaona mizere yakuda yopingasa ndipo sindidziwa ngati ndi sitiroko.

A Phiri a ku X-ray:
Wachita bwino mwana wanga. Toyera tambali ziwirito ndi choroid plexus youma ndi calcium, kapakatiko ndi pineal gland, akuluakulu ambiri ali nazo. Ukakayika, pempha aike cursor pamenepo uwerenge nambala. Ikapyola 100 ndi calcium, magazi safika kumeneko. Magazi a mu ventricle amadikha pansi n'kupanga mzere wowongoka ngati matope m'ndowa, pamene choroid imalendewera m'mwamba pang'ono. Mizere yakuda ya pansiyo ndi ya makina, X-ray ikamadutsa pakati pa mafupa awiri okhuthala a makutu, timati beam hardening. N'chifukwa chake CT siidalirika kwenikweni ku brainstem ndi cerebellum, ndipo wodwala akakhala ndi chizungulire chachikulu ndi kulephera kuyenda, sikani yooneka bwino kumeneko isakutonthoze.

Dr Nabanda:
Tiyamike, amayi a Lachiwiriwo unawatsatira?

Tiyamike:
Eya achemwali. Ndinapempha kulowa nawo ku fiyeta Lachitatu m'mawa, anandilola kugwira suction. Dzulo ndinawapeza atakhala pa bedi akudya phala okha, akukalipira mwana wawo kuti wabweretsa chitenje cholakwika. Mwendo ukukokabe pang'ono. Agogo oyamba aja anatuluka sabata yatha, abwera ku clinic pa 14, ndipo ndapempha kuti ndidzaone sikani yawo yakale ija kachiwiri pa console, ndi ma window onse atatu.

Yamikani:
Tiya, mawa ukamapita undidikire pa khomo la wodi, kope ndagula kale.